Singano Inkatsata Apongozi

Chaka chimene mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ine ndinali pa sukulu ya ukachenjede ku Lusaka, kuphunzila za miyala. Digili yoyamba ndinali nayo kale. Iyi inali yachiwili, ija imafuna kuti munthu upite wekha kutchile, ukatenge miyala, ubwele ndi yankho. Funso langa linali limodzi: thanthwe lina la mumtsinje wa kwao kwa mkazi wanga, ku Mwape, lili ndi zaka zingati. Amene ankandilipilila sukulu anandipatsa chilimwe chimodzi chokha. Ndikanalephela kubweletsa miyala chaka chimenecho, sukulu yanga ikanathela pomwepo, ndipo anandiuza zimenezi mosapita m'mbali.

Anthu akamva zoti ndinkafufuza zaka za mwala amaseka, ndiye ndifotokoze kamodzi, musadzandifunsenso. Kalekale, anthu kulibe, m'chigwa cha Luangwa munali nyanja. Matope ankakhazikika pansi pa madzi pang'onopang'ono, ena pamwamba pa anzake, mpaka kuuma n'kusanduka mwala wa mizelemizele. M'matopemo munali tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo pokhazikika tinkaloza kumpoto monga imachitila singano ya kampasi. Matope atauma, tinatsekeleka momwemo tili chilozele. Tsono dziko lathuli ndi maginito aakulu, ndipo maginitowo akhala akutembenuka. Nthawi zina singano inkaloza kumene lelo timati kum'mwela, kenako n'kubwelela kumpoto. Ukatenga timiyala kuyambila pansi pa thanthwe kukwela m'mwamba, umaona kasinthasintha ameneyu, pena mpoto nthawi yaitali, pena m'mwela kanthawi kochepa. Umamufananitsa ndi amene akatswili anamupeza kale m'miyala ya pansi pa nyanja zamchele, imene zaka zake zimadziwika. Pamene zafanana, zaka za mwala wako ndi zomwezo. Koma zonsezi zimadalila chinthu chimodzi. Uyenela kuyeza ndi kampasi mmene kamwala kako kagonela m'thanthwe usanakathyole. Ukalakwitsa pamenepo, wanyamula mwala wamba wogendela mbuzi.

Makina oboolela anachedwa kundifika. Sinditchula amene anawakhalila mu ofesi miyezi yonse ija, poti ndikayamba sindimaliza. Ndinatsika basi pa Nyimba mu Novembala, mitambo itayamba kale kuunjikana kumapili. Thanthwe langa linali m'khwawa, ndipo mtsinje ukangodzaza limamila mpaka chilimwe china.

Mkazi wanga sanali kumudzi. Masiku ake anali atayandikila, ndiye anali kuchiyembekezo ku chipatala, pa boma. Pakhomo panali apongozi anga, amai amasiye, ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, bambo wandevu zake amene analonjeza kuti adzandithandiza ntchito yonse.

Ine ndinakulila pa Petauke boma, koma mwambo wa apongozi sindinaphunzile m'buku. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sakhala nawo pafupi, sadya iwo akuona. Mukakumana panjila, wina amapatukila uku wina uko, n'kunjuta, moni kupatsana nkhope zili kumbali. Mwambowu umamasuka mwana akabadwa, koma wathu anali asanabadwe, ndiye panalibe chimene chinali chitamasulidwa pakati pathu. Kunena zoona, apongozi anga ndinkawadziwa bwino mapazi ndi kumbuyo kwa duku. Mukanandifunsa ngati ali ndi mpata kumano, sindikanakuyankhani.

Mlamu wanga anagwila ntchito yopopa madzi pa pampu ya makina m'mawa umodzi. Titatulutsa kamwala koyamba koyesela, anakatembenuza padzuwa, anakanyambita, n'kufunsa kuti golide ali mbali iti. Nditamuuza kuti mulibe golide, ndikufuna zaka chabe, anandiyang'ana ngati ndadwala. "Alamu," anatelo, "inu pitilizani kufunsa miyala tsiku limene inabadwa. Ikakuyankhani mudzandiuze." Kutacha anali atapita ndi anzake kokumba golide cha ku Petauke. Ndinatukwana m'mtima mawu oti sindingawalembe pano. Ndinazungulila mudzi kufuna munthu wina, koma aliyense anali kumunda, kuthamangitsana ndi mvula.

Ndili khale pakhonde la kanyumba kathu, mutu uli m'manja, ndinamva kukhosomola kuseli kwa nkhokwe. Anali apongozi. Anagwada pamenepo, nkhope ataloza kukhoma la nkhokwe, n'kuyankhula ngati akuuza nkhokweyo.

"Ndamva kuti pampu ija ilibe munthu."

"Inde amai," ndinayankha ndikuyang'ana zala zanga zakuphazi. "Koma ndiona chochita."

"Imapopedwa ngati ya mankhwala a thonje?"

"Chimodzimodzi, amai."

"Tiyeni tsono. Mvula siyembekeza munthu."

Ndikanakana bwanji? Ndipo ndikanavomela bwanji? Ndinangodzuka n'kunyamula makina. Iwo anatsogola ndi pampu pamutu, ine kumbuyo kutali, ngati anthu awili osadziwana amene angopezana njila imodzi.

Malo ogwililapo ntchito anali kashelefu ka mwala kopapatiza. Mbali ina khoma la thanthwe, mbali ina dziwe la madzi obiliwila otsala chilimwe. Makina oboolela ali ndi kainjini ka petulo ndi kapaipi kodula mwala mozungulila, ndipo kapaipiko kamafuna madzi nthawi zonse, apo ayi kamapsa. Madziwo amachokela m'pampu kudzela m'chingwe cha labala chachifupi, chosapitilila mikono iwili. Wopopa sangakhale patali ngakhale atafuna. Kuwonjezela apo, kampasi sifuna chitsulo pafupi. Ndinalowa kuseli kwa chitsamba, n'kuvula wochi ndi lamba, thalauza n'kumanga ndi luzi. Taganizani, munthu wa digili, kutulukila pamaso pa apongozi thalauza lili pa luzi ngati mtolo wa nkhuni. Ndinkalakalaka dziwe lija litandimeza.

Kupopa anapopa bwino kuposa mwana wawo. Dzanja silinkadumpha, madzi ankabwela mofanana. Makina ankalavula matope ofiila, kundithila kumaso, kuwathila pachitenje, iwo osasuntha, nkhope ili kumtsinje. Vuto linadza poyeza. Ukaboola, kamwala kamatsala kali chilili m'dzenje, konga kachidutswa ka nzimbe, kogwila kunsi kokha. Umalowetsa kapaipi kena kamkuwa kokhala ndi kampasi pamwamba, n'kuwelenga kumene kaloza ndi mmene kapendekela, n'kukanda mzele pamwalapo, kenako n'kuthyola. Mwala wa pamenepo unali wofewa. Kapaipi kakangogwedezeka, kamwala kankaduka n'kuzungulila, ndiye kathela pomwepo. Panafunika wina agwile kapaipiko nji, ine ndiwelenge ndi kulemba.

Sindinawapemphe. Ataona kachiwili kaduka m'manja mwanga, anangosendela okha ndi maondo, n'kutambasula manja onse awili, n'kugwila. Kuti afike anayenela kuwelama, khosi atalipotolela kutali ndi ine mpaka mitsempha kuonekela. Mitu yathu inali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo. Ine maso pa singano basi, thukuta lili kamukamu.

Singanoyo sinkakhazikika. Inkaima, kenako n'kusendela pang'ono, n'kubwelela. Ndinadzifufuza m'matumba, munalibe kanthu. Ndinakankhila makina kutali, pampu kutali. Ndinaganiza kuti mwina thanthwelo lili ndi chitsulo chambili. Pakakhala dzuwa pali njila ina yoyezela ndi mthunzi wa kamtengo, imene sisamala za chitsulo, koma tsiku limenelo kumwamba kunali bii. Ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinafune kuchiona. Apongozi akawelama kwambili, singano inkapita kwa iwo. Akadzuka pang'ono kuti apumitse msana, inkabwelela.

Ndili mkati modabwa, ndinamva kulila kwa foni yofuna kutha moto, kawili, tii tii. Kulilako kunachokela m'bulauzi mwawo. Amai ambili kwathu foni amasunga m'kamisolo, aliyense amadziwa, ndi malo oti siigwa ndipo mbala siifika. Ndipo m'kasipika ka foni muli maginito.

Anzanga a ku Lusaka ndikawasimbila amati, bwanji sunangonena? Amandikwiyitsa kwabasi. Ndikanati chiyani? Amai, chotsani chimene chili pachifuwa panu? Kuti ndinene, ndiye kuti ndavomela kuti ndadziwa pamene pali foniyo, ndiye kuti maganizo anga afika pamalo pamene maganizo a mkamwini safika. Ndinayesa kupanga mawu m'kamwa. Ndinati ndinene za zitsulo zonse mwachisawawa, mwina amva okha. Ndinakhosomola, n'kuuza khoma la thanthwe kuti kampasi imeneyi imadana ndi zitsulo. Iwo anamasula makiyi amene anali pa mfundo ya chitenje, n'kuwaponya kumchenga, n'kugwilanso kapaipi. Foni kwa iwo sinali chitsulo, inali pulasitiki.

Ndiye ndinalemba. Singano ikaima paliponse, ine kulemba. Ndinadzinamiza kuti mwina kusiyanako n'kochepa, ndidzakonza ku Lusaka, chonsecho ndikudziwa kuti sizikonzeka, poti foni sinkakhala mtunda umodzi nthawi zonse. Tinaboola, tinayeza, tinathyola, ine n'kumajambula kamuvi pa kamwala kalikonse mwaulemu wake ngati ndikuchita zenizeni. Tinakwela thanthwe mzele ndi mzele mpaka dzuwa kupendeka. Apongozi anagwada pamwala tsiku lonse osadandaula. Pobwelela anayenda motsimphina, akugwila bondo, ndipo ine kumbuyo ndinanyamula thumba lolemela la miyala yopanda ntchito. Manyazi amene ndinali nawo pamenepo anali oposa a m'mawa aja.

Madzulo, kusanade, ndinapita pachulu cha kuseli kwa khola kuti ndiimbile mkazi wanga pamene apongozi sangamve. Ndinamufotokozela mozungulila, iye n'kumati, "Nenani bwino, foni ili pati?" Nditanena, anaseka mpaka ndinamva amai ena a kuchiyembekezo akumufunsa ngati zayamba. "Imwe," anatelo atapuma, "sukulu yonse ija, kulephela kamawu kamodzi? Lekani, niwatumila foni manje manje." Ndinati adikile tiganize kaye kanenedwe kake, koma anali atadula kale.

Ndinaima pachulupo ngati chitsa. Posakhalitsa ndinamva foni ikulila kukhitchini kwa apongozi, kumene anaiika pa moto wa sola. Ndinamva mawu awo patali. "Ee. Ee. Ati bwanji?" Chakudya ndinachipeza pakhomo la kanyumba kathu monga mwa masiku onse, chovundikila bwino, koma sindinachikhudze.

M'mawa chitseko chawo chinali chotseka, pabwalo palibe munthu. Ndinati basi, ndawachititsa manyazi mayi wa eni, sadzafunanso kundiona. Ndinanyamula makina ndi pampu ndekha, maulendo awili, kupita kukhwawa. Ndinayesa kupopa ndi phazi uku ndikuboola, madzi ankadukiza, kapaipi n'kuyamba kununkha kupsa. Ndinayesa kugwila ndi dzanja limodzi n'kukanda mzele ndi linalo, timiyala tinkangoduka. Kumapili kunkagunda, ndipo mphepo inkabwela ndi fungo la dothi lonyowa. Ndinakhala pansi pa kashelefu kaja, manja ali lende.

Dzuwa lili pamutu, ngakhale silinkaoneka, ndinamva miyala ikugubuduka panjila yotsikila. Anali apongozi, khasu paphewa, mapazi ali ndi dothi la kumunda. Ndinadzuka msanga n'kutembenukila kukhoma. Ndinamva akuika khasu patali. Kenako anabwela n'kuima kumbuyo kwanga.

"Bambo, tembenukani. Ndiyang'aneni."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anabweleza, mawu osakweza. Ndinatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope ya amai amene anabala mkazi wanga. Inali nkhope yaing'ono, yotopa, yokwiya. Analowetsa dzanja m'bulauzi ine ndikuona, n'kutulutsa foni, n'kukaiika pamwala pafupi ndi khasu, n'kubwelela.

"Mailo munadziwa nthawi yanji?"

"M'mawa, amai."

"M'mawa." Anagwedeza mutu. "Ine mailo ndinasiya mbewu ya nshawa m'dengu, mizele ili yokonza kale. Ndinati mwana wa eni wabwela kutali, ntchito yake ikalephela avutika ndi mwana wanga. Lelo ndalawila mdima kuti ndibyale ndisanabwele kuno, ndipo sindinamalize. Maondo awa usiku sanandigonetse. Ndiye inu munandisiya ndigwade pamwala kuchokela m'mawa mpaka madzulo, mukudziwa kuti tikungosewela?"

Ndinati, "Ndinachita manyazi, amai."

"Manyazi anapha lambe," anatelo. "Chifuwa ichi chinayamwitsa mkazi wanu. Chinali chovuta n'chiyani kunena kuti amai, ikani foni uko? Ulemu wanu wandidyela tsiku. Lizani makinawo."

Ndakalipilidwapo ndi aphunzitsi, ndi apolisi a pamsewu, ndi bambo anga ondibala, koma sindinachepepo ngati tsiku limenelo. Ndinakoka chingwe cha injini.

Tinayambilanso pansi, pambali pa mabowo a mailo. Tsopano singano inkaima nji, osagwedezeka. Apongozi sanapotolenso khosi. Ankayang'ana kampasi limodzi ndi ine, ndipo kamwala kakatuluka bwino ankati, "Kena." Tinagwila mofulumila, osapuma, osayankhula zambili. Koma kuboola mwala sikuthamangitsika, ndipo theka la tsiku linali litapita kale.

Kwathu kuno mvula siyenela kugwa pamene uli kuti mtsinje udzaze. Pa ife sipanagwe dontho. Tinangomva mkokomo kumtunda, kenako dziwe lobiliwila lija linayamba kusanduka lofiila, thovu ndi tizinyalala tikuzungulila. Apongozi anati, "Kamodzi kena." Tinatulutsa kameneko madzi ali m'mapazi. Ndinafuna kena, iwo anakana. Anatola foni ndi khasu, ine makina ndi thumba, pampu tinakokelana, n'kukwela. Titafika pamwamba ndinacheuka. Kashelefu kaja kanali katamila, ndipo tinali tisanafike ngakhale pakati pa thanthwe.

Mwana anabadwa sabata yomweyo, wamkazi. Ndinamuona, ndinamunyamula, n'kukwela basi ya ku Lusaka ndi matumba awili a miyala.

Makina oyezela maginito a m'miyala kwathu kunalibe, ndiye timiyala tinatumizidwa kunja, ndipo mayankho anabwela patapita miyezi. Aphunzitsi anga, bambo wodekha amene sankakonda mawu ambili, anayala mapepala patebulo. Timiyala ta tsiku loyamba tinkaloza paliponse, kena uku kena uko, ngati nkhuku zomwazika. Anandifunsa chimene chinachitika. Ndinati kampasi inasokonezedwa ndi foni. Anafunsa kuti ya yani, ndinati ya amene ankandithandiza, ndipo sanapitilize. Ta tsiku lachiwili tinali toyela bwino. Tam'munsi tonse tinkaloza kum'mwela, ndipo titatu kapena tinayi tomaliza, tija tinatuluka madzi akubwela, tinkaloza kumpoto. Dziko linatembenukadi pamenepo, m'khwawa la kwa apongozi anga, ndipo tinaligwila.

Koma kutembenuka kumodzi sikuuza zaka. Dziko latembenuka kambilimbili, ndipo kamodzi kokha kamafanana ndi kena kalikonse. Pamafunika kasinthasintha wautali kuti ufananitse. Aphunzitsi anati tikanakhala ndi thanthwe lonse, monga mmene tinalili nalo tsiku loyamba, bwenzi nkhani ili ina. Analembela ondilipilila kupempha chilimwe china, anakana. Ndinabwelela ndekha chaka chotsatila, wapansi, kukaona. Gombe linali litagumuka ndi madzi, ndipo pamene panali thanthwe panali mchenga wokhawokha ndi bango.

Digili ija sindinaitenge. Lelo ndimaphunzitsa pa sekondale ina ku Petauke, ndipo ndikafika pa mutu wa maginito a dziko ndimauphunzitsa bwino kuposa mitu yonse, ana amachita kudabwa. Zaka za thanthwe lija sindizidziwa mpaka pano.

Apongozi ali moyo, akalamba, maondo anathelatu. Za tsiku lija sanandikalipilenso, ndipo timacheza maso ndi maso, kudya mbale imodzi. Koma ndikangofika pakhomo pawo, kaya pali alendo, kaya ndi pamalilo, asanandipatse moni amayamba alowetsa dzanja m'bulauzi, n'kutulutsa foni, n'kuiika pansi patali ndi ine. Saseka pochita zimenezi. Pakakhala mlendo wosadziwa amafunsa kuti n'chifukwa chiyani, ndipo iwo amati, "Afunseni aphunzitsiwa, paja iwo sanena." Ine ndi imvi zangazi ndimangoyang'ana pansi.